Tsiku Limene Chikuta Chinakwera Bwato

Ndagi! Muyankhe inuyo amene mwagwira pepalali, musayang'ane mnzanu. Mlendo wanga sanena odi, sapukuta mapazi pakhomo, ndipo mphatso imene amakubweretserani ndi zomwe munakasiya nokha kuseri kwa nyumba n'kuvundikira. Ndani ameneyo? Mwalephera? Ng'ombe yanu musabaye, mano ndilibe. Ameneyo ndi madzi osefukira. Aja a pakalendala, oyera ngati galasi, musawakhulupirire. Madzi akafuna kulowa m'mudzi amayamba adzera kaye kuchimbudzi.

Ine ndine Abiti Iddi, wa kwa Mponda, cha kumunsi kumene Shire amatuluka m'nyanja. Asiatu ndi mwana wa mchimwene wanga, koma ndinamulera ndine, mayi ake atatisiya. Mtsikanayo anakula bwino, waulemu, wodziwa kuwamba chambo osachipsereza. Cholakwa chake chinali chimodzi: anakwatiwa ndi a Bonface.

A Bonface anali a kumapiri a ku Ntcheu, kumene madzi amawadziwa a m'ndowa. Boma linawatumiza ku Mangochi kudzagwira ntchito yoyeza madzi. Ntchitoyo inali yotere. Mumtsinje, pafupi ndi pamene amayife tinkachapa, munali chitsulo chachitali chozikidwa kalekale, cholembedwa manambala kuyambira pansi mpaka pamwamba. Eni ake amati geji. M'mawa uliwonse a Bonface ankayenera kupinda buluku, kulowa m'madzi, kuona nambala imene madzi agunda, kenako n'kupita ku Boma kukaiuza wailesi. "Ova! Ova!" Nambalayo inkafika ku Lilongwe, kumene kunali chimakina chotchedwa kompyuta. Chimakinacho ankachidyetsa manambala a mvula ya ku Karonga, a mitsinje yothira m'nyanja, a zitseko za madzi za ku Liwonde, pamodzi ndi nambala ya a Bonface. Chikatafuna zonsezo chinkabweza mawu akuti sabata ino madzi afika pakuti, a m'mphepete samukani, kapena khalani. Nzeru yabwino ndithu, ine sindinaitsutsepo. Ndi chigayo basi. Ukathira chimanga utapa ufa. Ukathira miyala, usatukwane wachigayo.

Koma a Bonface akamaifotokoza ntchitoyo, inu! Ankati nyanja anaigwira pakhosi ndi iwo. Ankati ku Lilongwe sadya chakudya cha m'mawa asanamve mawu awo. Anatiuza kuti tiziwatchula a Injiniya, chifukwa anakakhalako ku Zomba pa kosi, kosi yake yoti nthochi ukaivundika popita, pobwera uipeza isanapse. Ankavala tayi ngakhale dzuwa la Mangochi likuwotcha mpaka abuluzi kubisala, masokosi oyera mbee, nsapato zoti ntchentche ikaterapo imaterereka.

Chaka chake ndi chija nyanja inakwera modabwitsa, nthawi ya chipani chimodzi, pamene polowa mumsika umayamba waonetsa khadi. Kwathu mvula inali itakata kale. Kumwamba kuli ngwee, koma madzi akungokwera mwakachetechete, ngati mwana amene akukodza pamphasa uku akukuyang'ana m'maso. Asodzi ankati ndi madzi a kumpoto, amachedwa panjira.

Zoyamba kumira zinali zimbudzi za kudambo. Pepani ngati mukudya. Madzi a pamalo ochapira anasanduka ngati thobwa wosasefa, pamwamba pali thovu lachikasu, m'bango mwakodwa zinthu zimene sinditchula pano chifukwa ndine mayi wopemphera. Mphutsi zinkayenda pamchenga mondondozana ngati zikupita ku msonkhano. Galu wakufa anabwera atafufuma, nazungulirazungulira pa geji paja tsiku lathunthu ngati akuwerenga nawo manambala. Akumzikiti analeka kutunga pamenepo madzi osambira popemphera, anati zonse ndi najisi, zodetsedwa. Ntchentche zobiriwira zija zinanenepa mpaka kumauluka mwaulesi.

Ndiye a Injiniya alowe m'menemo? Ankafika m'mphepete, kampango pamphuno, n'kumasuzumira chapatali. Geji nayonso inali itada ndi ndere, manambala osaoneka, ndipo pa nambala ina panali patakanirira chinthu chimene mphepo inkachigwedeza.

Kenako kunamveka kuti kukubwera mlendo wamkulu wochokera ku Lilongwe, kudzaona mmene boma likutetezera anthu ku madzi. Inu ana a masiku ano simudziwa. Kalelo mlendo wa boma akamabwera, chilichonse choima chinkapakidwa laimu. Miyala ya m'mbali mwa msewu, mitengo ya mango mpaka m'chiuno, zitsa, migolo, chulu. Galu akagona nthawi yaitali pamsewu ankadzuka ali woyera. Amayife tinkatengedwa masana aliwonse kukaphunzira nyimbo ndi magule, nsalu ya chipani m'chiuno, kaya uli ndi nyamakazi kaya ulibe.

A Bonface anaiyang'ana geji yawo naona kuti singaonetsedwe kwa mlendo. Anaitana Atumani, msuweni wanga, msodzi wa khoka amene pakamwa pake sipatsekeka, pamodzi ndi anzake. Anawauza kuti alowe m'madzi akazule chitsulocho.

Ine ndinali pomwepo, ndikuchokera ku magule. Ndinati, "Atumani, lowani msanga, mwina lero mungasambeko. Chaka chino simunayambe."

Iye anati, "Abiti Iddi, khalani chete. Madzi awa ndawazindikira fungo, achokera kuseri kwa nyumba yanu. Munadya chiyani dzana?"

Anachizula, nachikwecha ndi mchenga, nachipaka laimu, ndipo a Bonface anabwerezanso manambala ndi penti yakuda, bwinobwino, lilime lili panja. Tsono pochizika anakana kuchibwezera pamalo ake. Anati mlendo sangaponde matope. Analoza kachitunda kena pafupi ndi dooko, kosalala, ka udzu wobiriwira kuposa paliponse, kamene madzi anali atangokanyambita m'mbali.

Asodzi anayang'anana. Ife a kwa Mponda tonse timadziwa chimene chimabiriwitsa udzu wa pamenepo. Panali chimbudzi chachikulu cha msika wakale wa nsomba, chimene chitadzaza anangoyalapo mitengo n'kufotsera dothi.

Ndinati, "Akamwini, pamalopo mukupadziwa?"

Anati, "Azakhali, inu dziwani za usipa. Za sayansi mutisiyire ife."

Chabwino. Ndinawasiyira sayansi yawo. Anazika geji chakumphepete kwa kachitundako, madzi akungoigwira kumapazi.

M'mawa mwake anaiwerenga ali chiimire pouma, masokosi ali mbee. Nambala inali yaing'ono, poti chitsulo chinali chitakwera pamtunda. Anakaiuza wailesi. Chimakina cha ku Lilongwe chinatafuna mwala umenewo, n'kubweza mawu akuti ku Mangochi madzi atsika kwambiri, zoopsa zatha. Ndipo chodabwitsa n'chakuti a Bonface anakhulupirira! Anabwera kunyumba akuyenda ngati tambala.

Asiatu, mimba ili kutsogolo, anafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, koma si mwachisuntha chitsulocho?"

Iwo anati, "Ndasuntha chitsulo, sindinasunthe manambala. Onse alipo, sindinachotsepo ngakhale imodzi."

Masana ake anakwera galimoto ya chimkuzamawu pamodzi ndi atcheyamani a chipani a dera lathu, nazungulira mudzi wonse. Anati malinga ndi makina a boma madzi akubwerera, choncho munthu asasamuke. Anati wosamuka ndi wofalitsa mphekesera, wofuna kuchititsa boma manyazi pamaso pa mlendo. Mawu amenewo masiku amenewo sanali ocheza. Anthu amene anali atamanga kale akatundu anamasula, nakhala pansi, madzi akuwayang'ana pachipata.

M'sabata yomweyo Asiatu anachira, mwana wamkazi, katsitsi kambiri, kamphuno ka kwathu, mwamwayi. Analowa m'chikuta. Kwa amene simudziwa, mayi akabereka amakhala m'nyumba ndi khanda lake osatuluka mpaka mchombo wa mwana utagwa. Mwamuna salowamo, mlendo saona mwana. Ine ndinasamukira komweko kuti ndiziwaphikira ndi kuchapa matewera.

Tsono nyumba ya boma imene ankakhala a Bonface inali yotsikitsitsa pa nyumba zonse, kumbuyo kwake kuli dambo. Madzi anali atadya kale dimba la mpiru, akulunjika kuchimbudzi chawo. Fungo linkalowa pawindo n'kukhala pansi ngati wachibale. Ntchentche zinkachoka uko n'kudzatera pa nsalu ya mwana. Ine ndikayang'ana kamchombo kosapola kaja, n'kuyang'ana ntchentchezo, ndinkadziwa kuti tikuputa matenda. Kudambo ana awiri anali atayamba kale kutsegula m'mimba. Khanda la masiku ochepa likayamba zimenezo, simufika nalo n'kuchipatala komwe.

Ndinawapeza a Bonface pakhonde akupukuta nsapato. Ndinati, "Akamwini, mwanayu ndi mayi ake ndikuwatenga. Tikakhala kwa mng'ono wanga Ajira, kumtunda, mpaka madzi aphwe."

Anati, "Aphwa kale."

"Nanga awo ali pa mpiruwo ndi tiyi?"

"Amenewo ndi otsalira. Makina anena."

"Makinawo ali ndi mphuno?"

Anaika nsapato pansi. Anati, "Azakhali, mukudziwa chimene mukupempha? Mkazi wa Injiniya asamuke, anthu aone? Mawa mudzi wonse ukhala pamsewu ndi mphasa kumutu, mlendo akubwera. Mukufuna ndikagone kupolisi?" Kenako nkhope yawo inawala ngati atola kanthu. "Komanso mwambo! Mchombo sunagwe. Chikuta sichituluka. Inu akuluakulu ndi amene mumatiphunzitsa zimenezi."

Ha! Munthu amene ankati miyambo yathu ndi umbuli, amene anakana kuti mwana amangidwe kamkanda m'chiuno, lero wasanduka nankungwi. Ndinalavula pambali. Ndinati, "Mwambo mwaukonda liti, bambo?"

Anati, "Mwambo ndi mwambo. Mwamuna salowa m'chikuta, chikuta sichituluka panja. Nkhani yatha."

Ndinalowa kwa Asiatu ndikutukutira. Iye anali akulira chamumtima. Anati, "Azakhali, musakangane nawo. Akachotsedwa ntchito tidzalowera kuti? Mwina mchombo ugwa mawa."

Ndinakayang'ana kamchomboko. Kanali gwa, kouma khosi ngati bambo ake.

Tsiku la mlendo linafika ndi mphepo ya mpoto, ija imakankhira nyanja yonse kwathu kuno. Kutacha ndinamva phokoso kuseri, bwaa, ngati ng'ombe yagwera m'chithaphwi. Chimbudzi cha a Injiniya chinali chitakhala pansi, denga lili pamadzi. Zonse zimene banjalo linasunga m'menemo chikwatirane zinatuluka kudzaona dzuwa. Posakhalitsa madzi anayamba kulowa pansi pa chitseko cha kukhitchini, abulauni, okhuthala, mphutsi zili patsogolo ngati zotsogolera alendo. Beseni la matewera linanyamuka lokha n'kuyamba ulendo wa kuchipinda.

A Bonface anatuluka atavala suti, nsapato ndi masokosi zili m'manja, akudumpha pa njerwa zimene anandanda pabwalo. Ndinawakuwira kuti, "Akamwini, alendo anu afika kale, ali kukhitchini!"

Osacheuka anati, "Amenewo ndi madzi a pansi, si a mtsinje. Musatuluke! Ndikabwera tidzakolopa."

Tidzakolopa. Ndinaima pakhomo, nsalu ya chipani ili m'chiuno poti ndinayenera kukavina, mapazi ali mu zinthu zimene zinkalowa pakati pa zala. Ndinati Asitafurulahi, Mulungu andikhululukire, magule akavine okha. Ndinathamanga, inde ine ndi mawondo angawa, mpaka kwa Atumani.

Ndinamupeza akusoka ukonde. Ndinati, "Msuweni, tulutsani bwato lalikulu lija la khoka."

Anati, "Mwaganiza zothawa nane lero? Ndinakudikirani zaka zonsezi, mwabwera mano atatha."

"Tsekani pakamwa, mulowa ntchentche. Mwana wa Asiatu ali m'chimbudzi."

Sanasekenso. Anangofunsa kuti, "Nanga atcheyamani?"

Ndinati, "Atcheyamani analetsa kusamuka. Ife sitikusamuka. Chikuta chikupita kokayenda."

Madzi anali atakwanira moti bwato linafika mpaka pakhonde la nyumba. Ndinaitana amayi awiri oyandikana nawo, okalamba kwambiri amene sanatengedwe ku magule. Tinapinda bango pamwamba pa bwato, tinayalapo mphasa, pamwamba pake nsalu, mpaka munthu osaona m'kati. Pansi tinaika matiresi a a Bonface.

Asiatu anali atakwera pabedi, mwana ali pachifuwa, madzi akuzungulira miyendo ya bedi. Anati, "Azakhali, mwambo. Mwana akadwala adzati ndi ine ndinamutulutsa."

Ndinati, "Mwanawe, chikuta si njerwa ndi malata. Chikuta ndi kuti mwamuna asaone, mphepo isamuwombe, diso la mlendo lisamugwere. Agogo ako anandiberekera mu msasa wa asodzi. Tikufunditsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, Atumani ayang'ana kumbali. Kapena ukufuna mchombo ukagwere umu?"

Anayang'ana pansi. Panali pakudutsa kanthu, pang'onopang'ono, kakuzungulira. Anadzuka.

Tinamufunditsa bulangete, tinamunyamula ngati mkwatibwi mpaka m'bwato, Atumani atatembenukira kudambo akuimba mluzu. Tinaponyamo zimene manja anagwira: mapoto, nkhuku ziwiri zomanga miyendo, wailesi, ndi chithunzi chachikulu cha a Bonface atavala tayi, chimene chinkapachikidwa pabalaza. Chimenecho ndinachiimika kutsogolo kwa bwato kuti chisanyowe. Chifukwa china panalibe, Mulungu ndi mboni.

Tsono njira ya kwa Ajira inali imodzi. Kumbuyo bango linatseka, choncho tinayenera kutulukira mumtsinje n'kudutsa pa dooko penipeni, pamene panali msonkhano. Atumani anati, "Abiti Iddi, tikamangidwa mudzandiphikira kundende?"

Ndinati, "Palasani. Mukafika pafupi muchepetse, mwana angadzidzimuke."

Tinayandikira mwakachetechete m'mbali mwa bango. Anthu anali atadzaza. Amayi anzanga anali atangomaliza kuvina, matope mpaka mu akakolo, akupukuta mapazi pa udzu nkhope zili tsinya. Mlendo wamkulu anali pampando pansi pa tenti, bambo wonenepa bwino, kampango pamphuno. Miyala yonse mbee, mitengo mbee, geji mbee pakachitunda kake, atamangirira ndi kariboni. A Bonface anali pa chimkuzamawu.

Pambali pa mlendo panali bambo wina wowonda, wa magalasi, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi a Kalisto, mmodzi wa odyetsa chimakina cha ku Lilongwe. Iwo anabwera nawo paulendowo chifukwa manambala ankawasowetsa tulo: konse m'nyanja madzi akukwera, ku Liwonde akukwera, pa Mangochi pokha pakati akutsika. Anali akuyang'ana mumtsinje, n'kuyang'ana pakachitunda, n'kuyang'ananso mumtsinje.

Anakweza dzanja nati, "Pepani a Bonface, geji iyi si inali uko, m'madzi?"

A Bonface anamwetulira, natulutsa chifuwa. Anayankhira pa chimkuzamawu kuti aliyense amve. "Zoona bwana. Ndinaisamutsa ndine, maganizo anga, popanda wondiuza. Inali pauve. Ndinaikonza, ndinaizika pano poyera. Ndipo chiizikireni, bwana, madzi atsika!"

A Kalisto anavula magalasi, nagwira kumutu ndi manja onse awiri ngati alandira uthenga wa maliro.

A Bonface sanaone. Anapitiriza kuti, "Ndikutsimikizira mlendo wathu wolemekezeka kuti kuno palibe nyumba imene ilowe madzi. Umboni wake ndi uwu. Nyumba yotsikitsitsa kuno ndi yanga. Mmene ndikulankhula pano mkazi wanga ali m'menemo ndi khanda, ali phee, pouma ngati m'thumba la ufa!"

Nthawi yomweyo mdzukulu wanga anatsegula kukamwa. Kamwana kakang'ono, koma mawu ngati mbuzi yogwidwa ndi fisi. Nkhuku nazo zinayankha. Anthu onse anatembenuka. Anaona bwato la Atumani likutuluka m'bango, pakati pali kamsasa ka mphasa, mapoto ali mbwee, ine ndili chikhalire mu nsalu ya chipani, ndipo kutsogolo a Bonface a pachithunzi, tayi ili pakhosi, akuyang'ana kumene tikupita ngati kapitawo wa sitima.

Ndinagwada m'bwatomo mwaulemu wonse, ndinaomba m'manja. Ndinati, "Tipite nawo, bwana mlendo! Pepani sindinavine. Tikuperekeza chikuta cha a Injiniya. Kunyumba kwawo kwafika alendo ochokera kuchimbudzi, malo achepa."

Palibe amene anaseka. Masiku amenewo kuseka pamaso pa mlendo wa boma kunali kuputa mlandu. Ndinaona amayi akuluma nsalu, madoda akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame. Atcheyamani anatuluka thukuta pamphuno.

A Bonface anataya chimkuzamawu. Anati, "Bodza! Mayi ameneyu ndi wosaphunzira, wofalitsa mphekesera! Bwana, musamvere za pakamwa, bwerani muone nambala. Nambala sinama!" Anathamangira pakachitunda paja, nadumpha kariboni, naima ndi miyendo yonse iwiri pa udzu wobiriwira uja, namenya geji ndi chikhatho. "Onani apa!"

Mitengo imene anayala pa dzenje lija inali yakale, ndipo madzi anali ataifewetsa kunsi sabata yonse. Tinamva kuti phwa. Kenako fwaa. Geji inapendama pang'onopang'ono ngati munthu woledzera, ndipo a Injiniya anatsika. Sanagwe ayi, anatsika ali chiimire, mwaulemu, manja ali m'mwamba: mawondo, chiuno, mimba. Dzenjelo linapuma mpweya umene linasunga chitsekereni msika wakale. Inu, ine ndakhala pakati pa nsomba zoola moyo wanga wonse, koma chimenecho sindinachimvepo. Ntchentche za Mangochi yense zinanyamuka nthawi imodzi ngati zamva belu. Amayi a kutsogolo anathawa atagwira mphuno, wapolisi anabwerera chambuyo n'kugwetsa mpando.

Woyamba kuseka anali mlendo wamkulu. Ndinaona mimba yake ikugwedezeka, kampango kali pakamwa, misozi ikutsika. Anayesa kutsokomola kuti abise, zinakanika, anaphulika. Basi, chilolezo chaperekedwa. Dooko lonse linagwa ndi phwete. Amayi ena anakhala pansi m'matope momwemo, asodzi akumenya nkhafi pamadzi. Ngakhale m'kamsasa kathu mphasa inkanjenjemera, ndipo ndikudziwa kuti sikunali kulira.

A Kalisto okha ndi amene sanaseke. Anatola chimkuzamawu nati, "A m'munsi nonse, nyamulani ana ndi katundu lero lomwe, pitani kumtunda. Madzi akubwerabe." Anthu sanadikire kuti atcheyamani avomereze. Theka linathamangira kunyumba, theka linatsala, poti zoterezi sizichitika kawiri.

Bwato lathu ndi limene linali pafupi ndi kachitundako. A Bonface anatambasula dzanja, zinthu zikuyoyoka m'khwapa mwa suti. Anati, "Azakhali! Azakhali, chonde! A Atumani, sendezani bwato ndikwere!"

Ndinati, "Iii, akamwini, ndikanakonda. Koma mwambo. Muno ndi m'chikuta, mchombo sunagwe. Mwamuna salowa. Munanena nokha, nkhani yatha."

"Nanga a Atumaniwo si mwamuna?"

"Amenewa? Funsani akazi awo atatu amene anawathawa."

Atumani anati, "Abiti Iddi, ndikugwetserani momwemo muthandizane." Koma anapalasa, bwato linasendera kutali, mdzukulu wanga atatonthola, akuyamwa pouma.

A Bonface anali akutsikabe pang'onopang'ono, anyamata akuthamangira nsungwi yoti awakokere, aliyense akukankhira mnzake kuti agwire kutsogolo. Atumani anaimitsa nkhafi, anatsinzina diso limodzi, nawayang'ana bwinobwino ngati mmene iwo ankayang'anira geji. Anati, "Msuweni, ine manambala sindidziwa. Lero afika pati?"

Ndinaika manja kukamwa, ndinakuwa kuti amve mpaka ku Lilongwe. "Afika pa tayi! Akukwerabe! Ova! Ova!"